ZA UMOYO M'BANJA: Kupimitsa Magazi Pofuna Kudziŵa za Vitamini D

Mwezi uno tikambirane za kupima magazi kumene kumaonetsa kuchuluka kwa vitamini D m'thupi. Kodi aliyense ayenera kukapimitsa?

Vitamini ameneyu ndiye athandiza matumbo kutenga kashiamu m'chakudya kuti mafupa alimbe. Akasoŵa, mwana amachita matewe, ndipo wamkulu amamva kuphwanya m'mafupa ndi kufooka kwa minofu. Gawo lalikulu la vitaminiyu lipangidwa m'khungu mwathu dzuŵa likatiwomba. Kuchokera m'khungumo apita kuchiŵindi, kumene asandulika 25-hydroxyvitamin D, ndipo pambuyo pake impso zimsandutsanso kuti agwire ntchito.

Kulabotale amatenga magazi pang'ono pamtsempha wa pamkono napima 25-hydroxyvitamin D yemweyo, popeza iyeyu satha msanga m'magazi. Zotsatira zikafika pa 50 nmol/L, anthu ambiri ali bwino. Zikatsika pansi pa 25, vitaminiyu wasoŵadi. Koma malabotale ena alemba ndi muyeso wina: 20 ng/mL ndi chimodzimodzi 50 nmol/L. Choncho pepalalo tiliŵerenge pamodzi ndi dokotala, pakuti safunsa anadya phula.

Oyenera kupimidwa ndi mwana wopindika miyendo kapena wochedwa kuyenda, munthu wodwala impso kapena chiŵindi, ndiponso wokalamba amene mafupa ake athyoka ndi kugwa pang'ono pokha. M'chaka cha 2024 bungwe la madokotala la Endocrine Society linalangiza kuti anthu athanzi asamapimidwe popanda chifukwa. Ndalamayo igule mazira ndi nsomba.

Abale athu okhala ku Britain nkhani yao ndi ina. Kumeneko dzuŵa lilibe mphamvu kuyambira October kufikira March, ndipo khungu lakuda limafuna dzuŵa lochuluka kuti lipange vitaminiyu. Nchifukwa chake boma la kumeneko limalangiza anthu akuda kumwa mamaikirogalamu 10 tsiku ndi tsiku chaka chonse.

M'maiko a dzuŵa lambiri monga kwathu kuno, matewe kaŵirikaŵiri amadza ndi kusoŵa kwa kashiamu. Kafukufuku wa ku Jos, m'dziko la Nigeria, wofalitsidwa mu 1999, anapeza kuti ana a matewe anachira bwino ndi kashiamu koposa ndi vitamini D yekha. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, mkaka ndi ndiwo zamasamba zisasoŵe pambale ya mwana.

Tisathamangire kugula mapiritsi mwa ife tokha, pakuti vitamini D akachuluka koposa, kashiamu amadzaza m'magazi naononga impso. Koma tikaona miyendo ya mwana ikupindika, tisanene kuti idzaongoka yokha. Timtengere kuchipatala mwezi womwewo, dokotala aone ngati nkofunika kupima magazi. Kuongola mtengo mpoyamba.