Chenjerani: Dzina la Google kapena Microsoft Lisakupusitseni

Abale anga, wogulitsa akakuuzani kuti "foni iyi ndi ya eni ake a Android, siifa," gwirani kaye thumba lanu. Ambiri mukukhulupirira kuti kampani yomwe inapanga Windows kapena Android ndiye kuti imapanganso zipangizo zolimba koposa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

Tamvani za Surface, makompyuta a Microsoft. Mu 2017, bungwe la Consumer Reports la ku America linaleka kulimbikitsa anthu kuti aziwagula. Litafunsa anthu amene anawagula, linayerekeza kuti mwa anthu anayi alionse, mmodzi akumana ndi vuto pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri: kompyuta kuzima yokha, kuuma, kapena sikirini kusamva chala. Bungweli linasintha maganizo mu 2018, koma chaka chomwecho Microsoft inavomera kuti sikirini za Surface Pro 4 zina zimaphethira, ndipo palibe pulogalamu ingazichize kupatula kusintha chipangizocho.

Inu a Pixel, mafoni a Google, musaseke anzanu. Mu Januwale 2025, Google inatumiza apudeti yofooketsa dala mabatire a Pixel 4a ena, ndipo mu Malichi boma la Australia linalengeza kuti mabatirewo akhoza kutentha mpaka kuyaka. Mu Julayi zinafikanso pa Pixel 6a: batire likatchajidwa ka 400, foni yokhudzidwayo imayamba kusunga moto wochepa n'kumachedwa kudzaza.

Kodi zipangizozi zikatopetsa eni ake kunjako zimapita kuti? Zina zimabwera kuno, zopukutidwa bwino, pa mtengo wokopa. Nthawi ya galanti imakhala itatha kale. Mwayi wosinthitsa batire mwaulere unaperekedwa m'mayiko osankhidwa, osati kwa inu amene mwagula kwa venda. Komanso Surface zakale n'zomata ndi guluu, moti wokonza akamatsegula, sikirini imatha kusweka m'manja mwake.

Choncho musathamangire dzina. Funsani mtundu weniweni wa chipangizocho ndi chaka chimene chinatuluka.

Chiyatseni pomwepo. Chitchajeni, chigwiritseni ntchito kwa mphindi zingapo, muone ngati chikutentha kapena kuphethira.

Chiikeni pa tebulo. Chikamagwedera, kapena chivindikiro chakumbuyo chikamatukuka, n'kutheka kuti batire latupa. Chisiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Musanalipire, funsani wokonza mafoni wakwanu ngati batire ndi sikirini yake zimapezeka. Uzani wogulitsa alembe pa lisiti masiku amene mungabweze katunduyo. Akakana, tulukani.

Inu amene munagula kale, musakane apudeti ya batire chifukwa choti ikufupikitsa moto. Google inaitumiza pofuna kupewa ngozi. Musatchajire foni pa matilesi kapena pansi pa pilo, makamaka usiku ana atagona. Zithunzi ndi makalata ofunika zisungeni kwinanso lero lomwe. Ndipo batire likatupa, zimitsani foniyo, musaliboole, pitani nayo kwa wokonza msanga.