Mantha Salowela m'Maso

Pa Kulima Tower timaziona kawili-kawili. Munthu wosaona waimilila na ndodo yake yoyela, akumvetsela makondakitala akuitanila. Mmodzi wa ife, na mtima wabwino ndithu, amangomugwila dzanja n'kuyamba kumukoka kuti awoloke msewu, osapeleka moni, osafunsa kumene apita. Tikafika tsidya lina timadzimva kuti tathandiza. Koma m'thupi mwa mnzathuyo mwacitika ciani pamene dzanja lacilendo lamugwila? Mtima wadumpha, mapewa auma, mpweya wabanika. Ife tikagwilidwa conco m'tauni, coyamba timafufuza ngati foni ikali m'thumba.

Vuto lathu ise openya n'lakuti timaganiza kuti cimwemwe, mantha na mkwiyo zimakhala pankhope, ndipo munthu amaziphunzila poona ena. Ndiye wosaona timamutenga ngati munthu wofatsa nthawi zonse, woyamikila ciliconse cimene tamucitila. Amene amaganiza conco akamvetsele Common Man ya P.K. Chishala. Mwamuna uja sanali kuona, koma ukali wa munthu wovutika uli mmenemo wonse.

Cinenelo cathu comwe cimatitsutsa. Timati wapsa mtima, mtima uli m'mwamba, ndazizila nkhongono, thupi lacita tsemwe. Timamva mawu, timamva njala, timamva cisoni, liwu n'limodzi lomwelo. Maso ali kuti pamenepa?

Akatswili anafika pomwepa podzela njila yaitali. Mu 2004, pa maseŵela a Olympics na Paralympics ku Athens, anajambula zithunzi za omenya judo atangopambana kapena kugonja. David Matsumoto na Jessica Tracy ataziunika anapeza kuti obadwa osaona akapambana anali kukweza manja na kutukula cifuwa, ndendende ngati openya. Akagonja, mapewa anali kugwa. Sanaonepo munthu aliyense akucita zimenezo, thupi linali kudziŵa lokha. Cina cocititsa cidwi: openya ocokela kumaiko a azungu ndiwo anali kubisa manyazi awo, pamene obadwa osaona anali kuwaonetsa poyela. Cimene maso amatiphunzitsa kwambili, zioneka, ni kubisa.

Mu 2023 ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden anafalitsa zina. Anapempha anthu 36 osaona na 36 openya kuti aŵelenge kugunda kwa mitima yawo popanda kudzigwila pamkono kapena pacifuwa. Osaona anaŵelenga molondola kuposa openya. Apa tisathamange n'kuyamba kukamba kuti ali na mphamvu zacilendo, monga timakondela kucita. Kuŵelenga bwino kugunda kwa mtima sikutanthauza kuti cisoni cawo n'cacikulu kuposa cathu. Cimene tingakambe n'cakuti munthu amene amadalila thupi lake tsiku lililonse amalimvetsela bwino, ndipo tikamudzidzimutsa adzamva ndithu.

Kusiyana kwenikweni kuli pa zimene zimamufika kucokela kwa ife. Timavomela na mutu. Timapepesa na nkhope. Timaseka cifukwa wina watsinzinila diso, iye n'kutsala akudzifunsa ngati tikuseka iye. Pa gulu la WhatsApp timaponya cithunzi copanda mawu, onse n'kufa na kuseka, foni yake yoŵelenga mokweza n'kungomuuza kuti pali cithunzi. Coipa koposa, timanyamuka mwakacetecete, iye n'kupitiliza kukamba na mpando. Akazindikila, manyazi amene amamugwila ni amene aja tonse timawadziŵa, otentha m'makutu. Tawapanga ni ise, khungu lilibe mlandu pamenepo.

Zofunika kusintha n'zocepa, cabe kuti sitinazoloŵele. Tikamupeza pa siteshoni, tiyambe na pakamwa: "Muli bwanji, amai? Ndingakuthandizeni kuwoloka?" Akakana, wakana, mwina njilayo aidziŵa kutiposa. Akavomela, iye ndiye agwile mkono wathu pamwamba pa cigongono, ife titsogole pang'ono, cifukwa amamva na dzanja lake pamene thupi lathu lakhota kapena latsika. Pofika pa ngalande timuuze, pa citseko ca minibasi timuuze. Ndodo yake tisaigwile. Ndipo pocoka tikambe momveka kuti, "Napita, amai, basi ya ku Matero ili kutsogolo kwanu."