Mpando wa Dotolo wa Kumudzi

Sabata ino tiyeni tikambirane za anthu amene amakhala pa mipando pamene Unduna wa Zaumoyo, umene timautchula kuti MISAU, ukukonza malamulo oyendetsera zipatala zathu. Chaka ndi chaka undunawu umachititsa msonkhano waukulu wotchedwa Conselho Coordenador, ndipo palinso makomiti ena opereka uphungu pa za mankhwala, za malungo ndi za uchembere. Funso langa ndi ili: mwa okhala pa mipandoyi, ndi angati amene amagona ndi kudzuka ndi odwala a ku Tsangano, ku Furancungo kapena ku Zumbo?

Tiyambe takumbukira kumene tachokera. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, madotolo ambiri achipwitikizi anabwerera kwawo, ndipo otsala m'dziko lonse sanakwane 100. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga zipatala zonse. Poona kuchepa kwa madotolo, mu 1978 linayamba kuphunzitsa a APE, anthu osankhidwa ndi mudzi kuti azipereka thandizo loyamba, ndipo mu 1984 linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, amene si madotolo koma amachita opareshoni.

Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti mwa maopareshoni akuluakulu 100 aliwonse a amayi obereka m'zipatala za kumidzi, 92 ankachitidwa ndi ma técnico amenewa. Anapezanso kuti patatha zaka 7, pafupifupi 9 mwa ma técnico 10 anali akadali kumudzi, pamene madotolo amene anawatsatira m'kafukufukuyo onse anali atasamuka. Tanthauzo lake nlakuti tikamasankha aphungu poyang'ana udindo ndi digiri basi, mipando yonse idzadzaza ndi a m'tauni, amene fumbi la kumudzi analisasa kalekale.

Nanga wa kumudziyo akakhala pa mpando, akanena chiyani chimene a ku Maputo sakuchidziwa? Akanena kuti mankhwala a malungo afike m'nkhokwe za ku Marávia ndi ku Chifunde mvula isanagwe, chifukwa ikagwa misewu imasanduka phala. Akanena kuti ambulansi yopanda mafuta ndi khola la nkhuku chabe. Akanena kuti anthu a m'malire mwa Angónia ndi Tsangano amapita ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi kuno, kaya ndi ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndiye kuti matenda ngati kolera, amene anavuta m'maiko onse awiri mu 2022 ndi 2023, sangathe popanda kugwirizana ndi anzathu a tsidya lija. Akanenanso kuti agogo olankhula Chichewa chokha sangafotokoze bwino kumene kukuwawa ngati wowamvera amangodziwa Chipwitikizi.

Ena adzati, “Dotolo akapita ku msonkhano, odwala asiyira yani?” Funsoli nlomveka. Kuchokera ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo kuchokera ku Tete kufika ku Maputo ndi oposa 1,500. Mayi amene mwana wapingasa m'mimba sangadikire kuti msonkhano uthe. Koma mankhwala a vutoli si kumulanda mpando dotoloyo ai. Chigawo chitumize wina wogwirizira ntchito masiku amenewo. Misonkhano ina izichitikira konkuno, kuti akuluakulu alaweko msewu umene ife timayendamo. Ina ingathe kuchitika pa foni ndi pa intaneti.

Nayenso woimirayo ali ndi ngongole kwa ife. Asanakwere galimoto, ayambe wakhala pansi ndi anamwino, azamba, a APE ndi a comité de co-gestão, komiti imene anthu a m'mudzi amathandizira kuyang'anira chipatala chawo. Akabwerako afotokoze ku conselho consultivo, bwalo limene lamulo la mu 2003 linatsegulira anthu wamba kuti azilangiza atsogoleri a m'dera lawo. Atiuze chimene anapempha, chimene chavomerezedwa ndi chimene chakanidwa. Wopita ku msonkhano chifukwa cha ndalama za ulendo ndi kugona ku hotela sakuimira munthu aliyense.

Tonse tikukumbukira kuti mu 2013, kenaka mu 2022 ndi 2023, madotolo a bungwe la Associação Médica de Moçambique ananyanyala ntchito podandaula za malipiro ndi kusowa kwa zipangizo. Ovutika anali odwala. Madandaulo akasowa khomo lolowera, amathyola zenera. Akuluakulu anati mwana wosalira amafera mu mbereko, koma ndi bwino kulirako kumveke pa tebulo la msonkhano, chipatala chili chotsegula.

Tsono inu mafumu, a mipingo ndi a makomiti a zaumoyo, pa msonkhano ukubwerawu mufunse kuti amene amatiyankhulira ku Tete ndi ku Maputo ndani, ndipo anabwera liti kudzamva zathu. Tionananso sabata ya mawa pa tsamba lomwe lino.