Inchi idakalipo, ana aiphunzire ndi tepi m'manja

Wogula zomangira ku Chisokone ku Kitwe kapena ku Masala ku Ndola amatchula miyeso iwiri osapuma. Malata ndi a mamita, simenti ndi ya makilogalamu 50, koma misomali, mapaipi ndi mabuloko amaziitanitsa m'mainchi. Chonsecho Zambia inasamukira ku mamita m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'kalasi ndiwo amalamulira. Ine ndikuti sukulu za kuno kumigodi ziziphunzitsa kugawa utali mwana atagwira tepi yeniyeni, akuwerenga mizere yake yonse iwiri.

Inchi imagawidwa podula pakati mobwereza: theka, theka la thekalo, mpaka tizigawo 16. Mwana amene wawerenga timizere timeneto ndi chala safunika kuloweza kuti 3/8 ndi yochepa kuposa 1/2, amaziona yekha. Akadziwanso kuti inchi ndi mamilimita 25.4, amvetsa chimene makaniko amakalipira wothandizira wake: theka la inchi ndi mamilimita 12.7, choncho sipanala ya mamilimita 13 imalowa pabawuti koma imasewera, ndipo ukalimbikira umafafaniza makona a mutu wake. Owotcherera zitsulo nawo ali ndi msampha wawo. Kuti windo la mamita 1.2 likhale ndi mipata 10 yofanana pamafunika zitsulo 9, osati 10, ndipo kunenepa kwa zitsulozo kuyenera kuchotsedwa kaye usanagawe. Masamu amenewa ndi a pulayimale, koma akaphonyeka chitsulo chadulidwa kale.

Ena ati kumeneku n'kubwerera kwa atsamunda. Ndikuwamva, koma zimene zinayalidwa kale sizisintha ndi lamulo. Njanji yodutsa ku Ndola ndi yotambalala mafiti 3 ndi mainchi 6, ndipo kuilemba kuti mamilimita 1,067 sikuisuntha. Ngakhale kopa wathu mtengo wake ku London amautchula pa tani, ku New York pa paundi. Ena ati foni imasintha miyeso m'kamphindi. N'zoona, koma foni ikakuuza kuti 3/8 ya inchi ndi mamilimita 9.525 siikuuza ngati mamilimita 10 akwana pantchitoyo. Chimenecho amagamula ndi mmisiri. Ndipo kusiyira koleji ya NORTEC phunziroli n'kuchedwa, poti anyamata ambiri owotcherera m'mbali mwa msewu luso analitengera kwa amisiri anzawo, ku koleji sanapondeko.