Musatiuze za Casablanca Musanakwere ku Atlas

Chifikireni anyamata a Morocco mu semifainolo ya World Cup mu 2022, pali kanyimbo kamene kafala m'gulu muno: akuti dziko limayenda bwino likakhala m'manja mwa mfumu, zovotavotazi n'kutaya nthawi. Umboni wake? Zithunzi za Al Boraq, sitima yaliwiro imene yakhala ikuyenda pakati pa Tangier ndi Casablanca kuyambira 2018. Abale, kamera imaonetsa kumene wojambula waloza basi.

Tatsegulani mapu. Tangier, Rabat ndi Casablanca ndi mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, kumene kuli madoko, mafakitale ndi zigwa zachonde. Kuseri kwake kuli mapiri: Rif kumpoto, Atlas pakati, kenako chipululu cha Sahara. Kumapiriko n'kumene kwachuluka anthu otchedwa Amazigh, amene ambirife timati Aberber, eni nthaka amene Aluya anawapeza. Atsamunda a ku France ankati kuli Morocco waphindu ndi Morocco wopanda phindu. Iwo anachoka mu 1956, koma mzere anajambulawo sunafufutikebe.

Nanga boma limayenda bwanji? Anthu atachita zionetsero mu 2011, kunabwera malamulo atsopano oyendetsera dziko. Tsopano mfumu imasankha nduna yaikulu kuchokera ku chipani chimene chapambana zisankho. Zomveka bwino. Koma Mohammed VI, amene ali pampando kuyambira 1999, ndiye mkulu wa asilikali, mtsogoleri wa chipembedzo, wapampando wa msonkhano waukulu wa nduna, ndipo angathe kuthetsa Nyumba ya Malamulo. Kumunyoza ndi mlandu wopita nawo kundende. Kwathu timati mutu ukakula sulewa nkhonya. Uko mutu ndi waukulu ndithu, koma nkhonya zimagwera nduna.

Mu 2016, ku Al Hoceima m'dera la Rif, wogulitsa nsomba Mouhcine Fikri anaphwanyidwa m'galimoto yonyamula zinyalala pofuna kupulumutsa nsomba zimene analandidwa. Anthu anadzaza m'misewu kupempha zipatala, yunivesite ndi ntchito. Mtsogoleri wawo, Nasser Zefzafi, anagamulidwa zaka 20. Mu Sepitembala 2023 chivomezi chinagwedeza Al Haouz ku Atlas, n'kupha anthu oposa 2,900. Nyumba zadothi zinangogumuka, timisewu tothina tinatsekeka ndi miyala, thandizo n'kuchedwa kufika. Mu 2025 achinyamata anatulukanso, kufunsa chifukwa chake mabwalo a World Cup ya 2030 akumangidwa mothamanga pamene zipatala zikukwawa.

Sindikukana zabwino ayi. Doko la Tanger Med ndi lalikulu zedi, magetsi adzuwa a ku Ouarzazate ndi enieni, ndipo chilankhulo cha Tamazight chinavomerezedwa kukhala cha boma mu 2011, ngakhale lamulo lochigwiritsira ntchito linadikira mpaka 2019. Koma mfumu yomweyo inanena mu 2025 kuti dziko siliyenera kuyenda mbali ina ikuthamanga, ina ikutsalira. Mwiniwake akuona nyerere mumkuyu wake, inu mukuumirira chikomekome chakunja?

Ndiye funso langa kwa okonda ufumu nali: mayi wa kumudzi wa ku Atlas, msewu ukapanda kufika kwawo zaka 26, akachotse ndani pampando? Voti ndi khasu losathwa kwenikweni, tonse tikudziwa. Koma musalitaye chifukwa cha chithunzi cha sitima imene simunakwerepo. Amene mukutsutsa, bweretsani mfundo, osati zithunzi.