Madzi akaphwera, ngozi siinathe

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mabanja a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaudziwa bwino mwambiwu. Mvula yomwe imakulitsa fodya, soya ndi mtedza ndi yomweyonso imatsetsereka m'zitunda usiku n'kulowa m'nyumba za anthu, kaya ndi ku Mvera, ku Malomo, pa Mponela kapena pa Madisi.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amayesa kuti ngozi yatha madzi akangophwera. Amakolopa, kuyala mphasa, basi n'kugona. Chonsecho nyumba yomwe yamwa madzi imatha kuvulaza eni ake kunja kutacha kale.

Choyamba kuchiyang'ana ndi khoma. Zidina komanso njerwa zomangidwa ndi dothi zikanyowa m'munsi zimafewa, pomwe kumwamba zikusenzabe denga. Khoma lotere limatha kuima masiku angapo kenaka n'kugwa pakati pa usiku. Ngati laonetsa ming'alu yatsopano, lapendekeka, kapena chitseko chayamba kuvuta kutseka, banja likagone kwa abale kapena anansi mpaka mmisiri ataliona. Kupempha malo ogona si manyazi.

Kumene kuli magetsi, azimitsidwe pa switchi yaikulu munthu asanaponde m'madzimo, ndipo asayatsidwe mawaya ndi masoketi zisanaume.

Pochotsa matope, anthu akumbukire kuti madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi ndi m'makola. Mliri wa kolera womwe udabuka m'Marichi 2022, dziko litangokhudzidwa ndi namondwe wa Ana ndi Gombe, udapha anthu oposa 1,700 pofika chaka cha 2023. Choncho ana asasewere m'matopemo, ziwiya ndi pansi zitsukidwe ndi sopo komanso kolorini, ndipo madzi akumwa awiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala. Alangizi a zaumoyo alipo kuti afotokoze muyeso wake. Chitsime chomwe chalowa madzi oyenda chisakhulupiriridwe chifukwa choti chikuoneka choyera.

Kenaka nyumba iume. Mazenera ndi zitseko zitsegulidwe, ndipo zofunda, matiresi ndi mphasa ziyanikidwe padzuwa. Koma kusiya mbaula yamakala m'chipinda chotseka kuti chiume msanga n'kudziitanira maliro, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Kuthamangira kupaka pulasitala, laimu kapena penti pakhoma lonyowa n'kutayanso ndalama: chinyezi chimatsekeredwa mkati ndipo zonse zimadzamatuka.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya chakudya. Chimanga ndi mtedza zomwe zangonyowa zitulutsidwe m'matumba n'kuyanikidwa tsiku lomwelo. Koma zomwe zachita chuku, kapena ufa womwe wamira m'madzi akuda, n'zofunika kutaya. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, mawuwa ndi olemera. Komabe chuku china chimatulutsa poizoni woononga chiwindi, yemwe satha ngakhale nsima itapsa bwanji. Chakudya chomwe chakhudzana ndi feteleza kapena mankhwala a mbewu nachonso chisadyedwe.

Banja lomwe laonongekeredwa katundu lidziwitse amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, kuti uthenga ufike kukhonsolo ndi kunthambi ya Dodma. Nawo eni nyumba za lendi asamangodziwa njira ya kunyumbazo pakutha pa mwezi. Kukonza denga lodontha ndi khoma losweka ndi udindo wawo.

Pomaliza, kukonza nyumba osakonza njira ya madzi n'kutunga madzi ndi dengu. Pakumbidwe ngalande kumtunda kwa nyumba, khonde likwezedwe, matumba a chimanga asanjidwe pathandala, ndipo m'minda yotsetsereka mukhale akalozera ndi udzu wa vetiva kuti madzi azitsika mofatsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ochepa odikira kuti khoma liume ndi otchipa kuposa bokosi lamaliro.