Zilembo za Taipi Sizinakalambe

Anzanga, pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Malembo, kufupi ndi Monkey Bay. Agogo anga, amene anali kalaliki pa unyamata wawo, anatulutsa m'sutikesi kalata imene anataipa mu 1974. Pepalalo linafiira, mphemvu zinalidya m'mbali, koma mawu onse ndinawawerenga osaphonya. Pomwepo ndinakumbukira mayeso a masamu amene tinalemba ndili Sitandade 8. Mafunso anali m'zilembo zowonda za pa kompyuta, ndipo atachita fotokope, 3 ankaoneka ngati 8. Samu ija ndinalakwa, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma chifukwa cha zilembo.

Kodi chinsinsi cha zilembo za taipi n'chiyani? Choyamba, chilembo chilichonse chimapatsidwa malo ofanana. Kaya ndi "i" wowonda uja, kaya ndi "m" wonenepa, palibe wolanda malo a mnzake, ndipo pa mataipi ambiri, pa inchi imodzi pamalowa zilembo 10. Chachiwiri, miyendo yake ili ndi timapazi tophwatalala, tokhuthala ngati mwendo womwewo, kotero kuti chilembo chimaima nji pa mzere. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Courier, umene Howard Kettler anakonzera kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950. Ulipo m'makompyuta athu, ndipo ukasankha wonenepa wake, umada bii ngati makala.

Ntchito yake ndi yooneka. Popeza malo ndi ofanana, manambala amandandalika bwino, wina pansi pa mnzake. Nditawalembera bambo anga ndalama za mabeseni a usipa m'zilembo zimenezi, anawonkhetsa okha ndi chala popanda kusokera. Olemba mapulogalamu a kompyuta amakonda zilembo za malo ofanana pa chifukwa chomwechi. Nawonso olemba mafilimu ku America amagwiritsabe ntchito Courier, chifukwa tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi ya filimu.

Ena adzati, "Zimadya pepala, ndipo pepala ndi lodula." Zoona. Enanso adzati "l" ndi 1 zimafanana. Izinso n'zoona, moti mataipi ambiri akale analibe batani la 1, kalaliki ankangomenya "l". Choncho sindikunena kuti buku lonse lilembedwe motero. Koma pa mafunso a mayeso, pa ndandanda ya ndalama ndi pa chidziwitso chokhomedwa pa mtengo wa mango kudoko, pamene dzuwa la ku Mangochi limafufutitsa inki, kodi tipulumutse pepala limodzi n'kusokeretsa munthu?

Pomaliza, ndikupempha ife amene timataipa m'magazini ino ndi zidziwitso za makalabu athu: tisathamangire zilembo zokhotakhota poti ndi zokongola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisanasankhe zilembo, tiyambe taganizira agogo amene adzawerenge ndi maso otopa, pa kuwala kwa koloboyi.

Wophunzira wa Folomu 3